Madzi Ataima M'thanki ya a Miti

Becky ankapinda mphasa zomwe amayi a mpingo anagonapo pamene anazindikira kuti m'nyumbamo mukusowa kanthu. Anaima, mphasa ili m'manja. Panja amuna ankakokera mabenchi pansi pa tenti, wina ankatsokomola, kuseri kwa nyumba mapoto ankagundana. Koma kulira kwapansipansi kwa makina kuja, komwe kwa zaka zambiri kunkamveka m'chipinda chochezera usana ndi usiku, kunalibe.

Mipando yonse anali ataitulutsa tsiku lomwe uthenga unafika, monga zimakhalira pamaliro. Thanki ya galasi ya malemu bambo ake yokha ndiyo inakanika kunyamulika. Inali pakona, yaitali ngati bedi la mwana, yodzaza madzi amchere, ndipo wina anali ataifunditsa chitenje. Becky anakweza chitenjecho. Madzi anali ataima. Pamwamba pake panayandama kalitsiro konga mafuta.

"Anti, ndani wachotsa mapulagi apa?"

A Emmy, mlongo wawo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Chadiza, anali khale pambali pa matiresi a wofedwa. Sanazembe.

"Ndine. Ife tikuimba nyimbo, icho chikung'ung'uza ngati chigayo. Pamaliro wailesi timatseka, kanema timatseka. Icho n'chiyani kuti chizilira chokha mwini nyumba ali chigonere?"

"Munachotsa liti?"

"Tsiku lomwe ndinafika."

Becky anagwada n'kubwezera mapulagi awiri aja. Mapampu onse awiri anali m'madzi momwemo, yina kumanzere yina kumanja, atamatirira kugalasi. Yoyamba inalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo koma mapiko ake sanazungulire. Yachiwiri inagwedezeka, n'kuti gwe gwe, n'kukhala chete.

A Abson Miti, amene anaikidwa m'manda dzulo lake, anali munthu wa mapampu. Anagwira ntchito pafakitale ina ku Heavy Industrial Area mpaka pamene mafakitale anayamba kugulitsidwa, anthu n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Iwo sanapite ku Chadiza. Anayamba kuyenda ndi chikwama cha zitsulo m'nyumba za mipanda ku Kabulonga, kukonza mapampu a maiwe osambiramo. Kumeneko bwana wina wobwerera kwawo anafuna kutaya thanki ija pamodzi ndi zonse za m'kati mwake. A Abson anapempha galimoto kwa mnzawo n'kubwera nayo ku Chelstone, madzi ake ali m'zigubu, zamoyozo zili m'ndowa pamiyendo pawo. Nyanja yamchere sanaionepo ndi maso awo mpaka imfa yawo.

Alendo ankati ndi maluwa. A Abson ankawongola modekha. Ankati ndi makorali, nyama zokhala ndi pakamwa koma zopanda miyendo. Ena a mtundu wawo amakhalira kuwala kwa dzuwa, koma awa ayi, kwawo n'kumapanga amdima a pansi pa nyanja. Chakudya chimawapeza ndi madzi oyenda, ndipo madzi omwewo ndiwo amawachotsera zonyansa pathupi. Madzi akaima, amafa ndi njala atakwiririka ndi litsiro lawo lomwe.

Becky anayandikiza nkhope pagalasi. Makorali a nthambi, ofiira, otambalala ngati lichero, anali atatuwa. Ena obulungira, a mtundu wa papaya wakupsa, anali atatseka timilomo tawo zolimba, ndipo pakati pa timilomoto panayala ulusi wotuwa wonga nkhungu. Kapampu kachitatu ka pansi pa kabati yomwe thanki inakhalapo, kokweza madzi kuchoka m'chosefera, a Emmy sanakaone. Ndiko kokha kanali kakusunga mpweya pang'ono m'madzimo.

"Amami, bwelani muone."

A Winifred, mkazi wa malemu, anali pamatiresi, msana atatsamira khoma, mpango wakuda utaphimba mpaka m'nsidze. Sanatembenuke.

"Usawaitane," anatero a Emmy. "Amenewo ndi madzi amchere. Wofedwa sakhudza mchere mpaka titameta mawa. Mlongo wanga wapita miyendo itatupa, ndipo panja apo anthu ayamba kale kunong'onezana. Ukufuna uwapatse china cholankhula?"

"Inali matenda ya mtima, anti. Dokotala anakamba."

"Dokotala ananena zake. Ine ndikunena zathu."

Apo ndi pamene a Winifred analankhula, maso ali pa zala zawo.

"Zileke, Becky. Zipite ndi mwini wake."

"Amami!"

"Kawiri konse kuchipatala anawauza kuti mugone kuno tikuoneni bwino. Kawiri konse anavala nsapato n'kubwerera. Akuti nanga anthu anga adya chiyani. Anthu awo! Kachitatu tinachita kuwanyamula. Kwathu ku Katete amayi anga anamwalira, iwo anagona usiku umodzi wokha n'kukwera basi. Ine ndinakwatiwa pamitala ndi miyala imeneyo. Zileke."

M'chipindamo munalowa a Amock, mng'ono wawo wa malemu, munthu wa mawu okweza amene ankalima repu ndi tomato ku Makeni. Anali atamva zonse ali pakhomo. Anapinda malaya, n'kutulutsa pampu imodzi m'madzi, n'kuitembenuzatembenuza. Inali yokutidwa ndi chikhakha choyera cholimba ngati cha m'ketulo.

"Akulu anga banali munthu wabwino, koma apa peve mutu unasokonezeka. Munthu wa ku Chadiza kuweta miyala! Mbuzi zinatha? Nipatseni mpeni."

"Atate, pang'onopang'ono," anatero Becky.

"Iwe, ine makina nimayadziwa."

Analowetsa nsonga ya mpeni pakati pa mapiko n'kukanikiza. Kanamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola choko. Kamtengo koyera ka pakati kanagwera m'dzanja lawo tizidutswa tiwiri. Anayang'ana tizidutswato, kenako anayesa pampu inayo mosamala, koma iyo inali itapsa kale, ikununkha waya.

A Amock sanali munthu wokonda kuoneka wolephera. Anatuluka, n'kubwera atakumbatira pampu yawo ya kudimba, yomwe chiyambire maliro ankakwezera nayo madzi kuchoka m'madiramu kuti anthu asambe. Inali yaikulu ngati mwana wa mbuzi, ya paipi yakuda yopanikiza kukamwa.

"Mukuti zifuna madzi oyenda? Iyi imathilila munda wonse. Madzi ni madzi."

Becky anakayikira, koma ulusi wotuwa uja unkamuopsa. Anagwira paipi monga anamuuzira. A Amock analowetsa pulagi.

Madzi anatuluka ngati mkondo. Mchenga wonse wa pansi unadzuka, thanki n'kusanduka phala. Mwala wina unagubuduka n'kugunda galasi. Becky anaona korali wamkulu wa nthambi akugonera mbali imodzi, ndipo mnofu wake wofiira unkasendeka n'kumauluka m'madzimo tizidutswatizidutswa.

"Zimitsani."

Mawuwo sanali okweza, koma a Amock anazula pulagi nthawi yomweyo. A Winifred anali atatembenuka. Anayang'ana thanki kamphindi, n'kubwezanso nkhope kukhoma.

Mchenga utakhazikika, theka la lichero lija linali mitengo yakuda yokhayokha, ngati tchire lopsa.

A Amock anapukuta manja pathalauza. "Basi, zaoneka zokha. Madzulo tikhala pansi kugawa zovala. Tikatsiliza titaye madzi aya, galasi nitenge ku Makeni niikemo nsomba zamene munthu angadye. Mlamu naye apume."

"Nipatseni mpaka madzulo," anatero Becky.

"Ufuna kuyenda kuti, mwana wa maliro?" anafunsa a Emmy.

Becky anamanga chitenje, n'kukulunga pampu yothyoka ija m'pepala, n'kutuluka.

Anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Woodlands. Iye ankagwira ntchito ku Ndola ndipo kunyumba ankangobwera pa Khirisimasi. Thankiyo ankaidziwa monga mmene munthu amadziwira mnansi wa makolo ake: moni, basi. Ankakumbuka kuti bambo ake ankatchula kasitolo ka zakudya za agalu ndi nsomba zoweta, kuseri kwa mashopu. Anakapeza pakati pa malo ochapira zovala ndi ogulitsira matayala.

M'katimo munkanunkha chinyezi. Mwamuna wa imvi za apo ndi apo, wovala chipewa cha mpira, ankawerenga nyuzi pakauntala.

"Muli shani, ba sisi? Tikuthandizeni?"

"Ndine mwana wa ba Miti, ba ku Chelstone."

"Aa, ba Miti ba mchele! Ine ndine Kapembwa. Bali kuti mdala? Thumba yao ya mchele inabwela kudala, nili kuisunga chabe. Bauzeni kuti nizayamba kubalipilitsa lendi."

"Tinabaika dzulo."

A Kapembwa anapinda nyuzi pang'onopang'ono. Anavula chipewa, n'kutambasula dzanja kuchepetsa wailesi.

"Pepani, mayo. Pepani maningi." Kenako, motsitsa mawu: "Nanga vinthu vao?"

Becky anamasula pepala lija n'kufotokoza zonse, za mapulagi, za mpeni, za pampu ya kudimba. Atafika pa pampu ya kudimba a Kapembwa anatsinzina ngati munthu waponda minga.

Analowa kuseri n'kubwera ndi makatoni, n'kuwayala pakauntala. Anatulutsa yoyamba, ya kukamwa kopanikiza.

"Iyi ni ya kasupe wa pa luwa, wokongoletsa pabwalo. Imalasa pamalo pamodzi, monga ija ya ba ankolo banu, kuchepa chabe. Iyi iwalani." Anaikankhira pambali. "Iyi inango ni ikulu, kukamwa kotambalala. Imakankha madzi yambili koma mofewa. Ni yabwino. Koma ni imodzi, ndipo imapita mbali imodzi chabe. Ikafa, vonse vafa. Elo izi zing'ono ziwili zili na kabokosi kozilamula. Mungazichepetse, mungazikweze, mungaziuze kuti zizisinthana. Malaiti yakapita zingagwile na batile. Mdala banali na mabatile ya motoka pansi pa kabati, si so?"

"Ehe, yalipo."

"Manje niuzeni. Madzi yao yanali kuyenda bwanji? Mbali imodzi, olo kubwelela? Mwamphamvu bwanji? Chifukwa mukachepetsa, litsilo izakhala pa thupi. Mukapitilila, timanja twao situngagwile chakudya, chizingopita. Ine nigulitsa chabe, ba sisi. Wamene anali kudziwa ni mdala. Ine nsomba zanga ni za madzi ya pa mpope."

Becky anali ataima patsogolo pa thanki ija kambirimbiri, akumwa tiyi, akucheza ndi bambo ake, koma sanayang'anepo kumene madzi ankapita.

Anaimba foni ya amayi ake. Anayankha a Emmy.

"Wofedwa salankhula pafoni. Unene kwa ine."

"Anti, napapata. Bafunseni chabe kuti madzi yanali kuyenda bwanji."

Kunamveka kukokana kwa nsalu, mawu a a Emmy akudandaula chapatali, kenako kupuma kwa munthu. Becky anaika foni pakauntala kuti a Kapembwa amve nawo.

"Amami?"



"Sankamenya," anatero a Winifred. "Ankakankha. Imayamba ya kuchitseko, nthambi zonse n'kuweramira kuzenera. Kenako imakhala ngati yatopa. Kamphindi zii. Ndiye ya kuzenera imayamba, nthambi n'kubwerera. Monga mapira mphepo ya mvula ikamabwera. Sizinkagona pansi ayi. Zinkangowerama n'kudzuka."

"Nanga pozidyetsa, mayo?" anafunsa a Kapembwa, ataweramira pafoni. "Banali kuzimya?"

"Ayi. Ankachepetsa, kuti chakudya chiziyandama chikuzungulira, chisagwe pansi. Zikatha kudya ankakwezanso. Ndipo Loweruka ankachotsa imodzi n'kuiviika mu viniga wanga wa kukhitchini, inayo ikugwira ntchito. Sankazimitsa zonse pamodzi. Ngakhale tsiku limodzi."

"Amami, munadziwa bwanji vonse ivi?"

"Ndagona zaka zingati khoma limodzi ndi chinthu chimenecho? Ndinkadziwa ndi kulira kwake kuti tsopano ndi iti." Mawu awo anauma. "Gula zimene ukugula. Ine sindinakutume."

Foni inaduka.

A Kapembwa anakankhira katoni ya mapampu awiri aang'ono kwa Becky. Anamuonetsa mabatani a kabokosi, la kusinthana, la mphamvu, la nthawi ya chakudya, n'kumubwerezetsa mpaka atagwira. Mtengo wake Becky sanauuze munthu aliyense kunyumba. Thumba la mchere lija a Kapembwa analinyamula okha mpaka pokwerera basi.

"Nisakunameni, ba sisi," anatero akulitsitsa. "Mwina mwachedwa. Vinthu ivi vikayamba kuola, vimaola pamodzi."

Pamene ankafika ku Chelstone dzuwa linali litapendeka. Pansi pa tenti anali atayala mphasa, ndipo pamphasapo panali maovolosi a bambo ake, jekete la ku tchalitchi, nsapato za jombo, chikwama cha zitsulo. Achibale anali atakhala mozungulira, akudikira akuluakulu. Becky anadutsa osayang'ana kawiri.

M'nyumba fungo linamulandira pakhomo, fungo la nsomba yoiwalika m'thumba. Amayi awiri a mpingo amene anatsala anali atasendera kufupi ndi chitseko, atagwira zitenje pamphuno.

Anamatiza mapampu kugalasi ndi maginito ake, yina uku yina uku, chapamwamba, ataloza pa makorali penipeni. Anayatsa. Madzi anayamba kuyenda. Litsiro la pamwamba linasweka, nthambi zotsala zinagwedezeka. Koma pansi pa mwala waukulu, m'kaphanga momwe munali makorali obulungira aja, ulusi wotuwa unangokhala osasuntha. Anakweza mphamvu. Nthambi za pamwamba zinayamba kunjenjemera ngati zithyoka, koma m'kaphangamo munali chimodzimodzi.

"Wakweza kwambiri," anatero a Winifred ali pamatiresi.

Becky anatsitsa pampu imodzi.

"Osati choncho. Usaziloze kumaso."

"Niloze kuti, amami?"

"Kumbuyo. Ayi, kumbuyo kwake, pansi."

Becky anayesa, koma pampu inapulumuka n'kugwera pamchenga, n'kudzutsa fumbi. Anayamba kulira mwakachetechete, dzanja lili m'madzi mpaka m'khwapa. Sanalire choncho ngakhale kumanda.

A Winifred anagwira khoma n'kudzuka. Mawondo awo analira, chifukwa chiyambire maliro ankangodzuka popita kuseri. Anayenda mpaka pathanki, n'kuyamba kupinda dzanja la bulauzi yakuda, khwinya limodzi, lina, mpaka paphewa.

"Mlamu," anatero a Emmy. "Mlamu, musatero. Mwatsala ndi usiku umodzi wokha. Mwana wina akadzatsokomola m'banja muno, dzina lidzakhala lanu. Ine sindidzatha kukutetezani."

"Ndamva, mlamu."

"Ndiye khalani pansi."

"Mchere umenewu ndausenza pamutu kuchokera pamsewu zaka zonsezi. Ndausungunula m'ndowa zanga. Palibe anabwera kudzandiletsa. Mukanene patenti kuti ndaugwira, asavutike n'kunong'ona."

Analowetsa dzanja m'madzi.

Mmodzi wa amayi a mpingo aja anatuluka msanga. Panja mawu a amuna anayamba kuzirala mmodzimmodzi mpaka kunangotsala kulira kwa mwana wa nyumba yoyandikana. A Emmy anatembenukira kukhoma, n'kukoka mpango kuphimba nkhope.

A Winifred anatola pampu ija n'kuitsitsa mpaka pafupi ndi mchenga, n'kuilozetsa kugalasi la kumbuyo, kuti madzi akagunde kumeneko n'kuzungulira kuseri kwa miyala. Inayo anaisiya chapakati, italoza m'mbali mwa nthambi. Anauza Becky kuti achepetse mphamvu, achepetsenso, akweze pang'ono. Kenako anaika dzanja lawo pakhomo pa kaphanga, zala zitatambasuka, maso atatsinzina. Anadikira pampu ya kuchitseko itope, ya kuzenera iyambe.

"Apo," anatero.

Ulusi wotuwa unayamba kunyamuka pang'onopang'ono n'kumatengedwa.

"Tenga beseni."

Anayamba kutulutsa zakufa. Ankagwira korali aliyense, kumutembenuza, kumununkhiza. Lichero lalikulu lija mnofu wake wotsala unasendeka m'zala zawo ngati khungu la tomato wothiridwa madzi otentha. Analiika m'beseni. Lina laling'ono, lomwe linkaoneka lamoyo, atangolikweza linasiya utsi woyera m'madzi. M'beseni. Obulungira aja ambiri anali zibowo zokhazokha, zoyera ngati chisa cha mavu. Ankawaika mmodzimmodzi, osaponya, ndipo nkhope yawo sinasinthe. Becky anasungunula mchere watsopano m'ndowa, ndipo anachotsa madzi ena onunkha n'kuthiramo abwino.

A Amock anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana beseni lodzaza, n'kuyang'ana thanki. Munali miyala yokhayokha tsopano, kupatula kachibulumwa kamodzi konga nkhonya ya mwana, m'kati mwa kaphanga, komwe mtundu wake wa papaya unali usanazimirire.

"Kamodzi chabe?"

"Kamodzi," anatero a Winifred.

"Kali moyo?"

"Sindikudziwa."

Za galasi ndi za Makeni a Amock sanazitchule. Anawerama n'kunyamula beseni. "Nikataye kuti ivi, mlamu?"

"Osati kudzala. Mukumbe kuseri, pansi pa mpeyala."

Atatuluka, a Winifred anatuma Becky kufiriji. M'chipinda cha ayezi, kuseri kwa nyama ya pamaliro, munali kachitini ka majarini kodzaza tinkhanu ta m'nyanja togayagaya. Anasungunula pang'ono m'kapu, n'kutenga jakisoni wopanda singano amene anali m'kabati. Sanakoke nyama ya tinkhanuto. Anakoka madzi ake okha. Anauza Becky kutseka katani ndi kudina batani la chakudya, ndipo kulira kwa mapampu kunatsika.

"Mlamu," anaitana munthu wina panja, "akulu afika. Tikudikira inu."

A Winifred anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi kaphanga kaja.

"Odi," anatero motsitsa. "Odi kuno."

Anadontheza madzi a tinkhanu aja kumtunda kwa kaphanga, madzi oyenda n'kuwatenga kulowa nawo m'kati. Kenako anaika jakisoni pambali, n'kuimirira, manja kumbuyo, ngati mlendo pabwalo la eni.

"Amami, mukamba na ndani?"

"Ndi mmene ankachitira bambo ako. Ankati sungangofikira kuika chakudya m'kamwa mwa munthu. Uyambe waodira, amve fungo, udikire akuyankhe."

Kukhoma kuja a Emmy anapuma mozama. Analankhula nkhope ili chophimbidwa, mawu ali olemera.

"Ali mwana ankatero pakhola la mbuzi. M'mawa uliwonse, odi, odi, n'kuima. Atate ankamukwapula kuti akuchedwetsa ziweto. Sanasiye."

Madzi anakankha, anapuma, anabwerera. Panja anaitananso, kenako analeka. Becky anayang'anitsitsa mpaka maso anayamba kuwawa, ndipo anali pafupi kunena kuti tiyeni, amami, pamene pa timilomo tonse ta kachibulumwa kaja, kamodzi ka m'mphepete kanafufuma pang'ono. Kanamasuka, n'kutulutsa nsonga za timanja tachikasu, tifupitifupi, tikugwedezeka ndi madzi. Tina tonse tinali chitsekere.

Becky anatola jakisoni n'kuwapatsa amayi ake. A Winifred anapukusa mutu. Anaweramanso, mpango wakuda ukukhudza galasi.

"Odi," anatero kwa otsalawo, n'kubwezera manja kumbuyo.